Tsiku Limene Ndinalira Munthu Wamoyo

Tabwera nalo kuno pepalalo, Tadala, ndilione. Akuti utchule zipangizo zitatu zimene mlakatuli wagwiritsa ntchito. Funso lake lomweli basi, mpaka kukwinya nkhope chonchi? Enanu manja asaime, chimangachi chitong'oledwe dzuwa lisanapendeke, ine ndikungofuna makutu anu. Ndikuthandiza, mwana iwe, koma uyambe wamva chifukwa chimene ndimayang'anira kumbali ukanditengera ndakatulo. Amayi anu amakuuzani kuti agogo anatopa nazo. Sindinatope ayi, ndimaopa, ndipo lero poti agogo anu aakazi apita kumsonkhano wa amayi ku Mishoni, ndikuuzani chimene chinandiopseza.

Inu mwandipeza ndili nkhalamba yamagalasi yokhalira pakhonde, koma kuno ku Domasi aliyense wa msinkhu wa bambo anu amanditchula kuti aphunzitsi, ndipo ambiri a iwo anadziwa kulemba dzina lawo pansi pa dzanja langali. Ife sukulu tinaiyamba polemba pamchenga ndi chala. Kenako kunabwera sileti, chofufutira chake malovu ndi chigongono. Titakula tinapatsidwa cholembera choviika m'kabotolo ka inki, ndipo ukalakwitsa chilembo chinkakhala pomwepo kumakuneneza mpaka kope lithe. Inu mukalakwitsa mumangodina foni, cholakwacho n'kusowa ngati sichinakhaleko. N'chifukwa chake mumalemba musanaganize. Usandiyang'ane choncho Yamikani, ndikunena iweyo.

Mayina mukulowezawa ambiri kalelo sitinkawadziwa. Munthu akanena kuti analira mpaka mtsinje wa Domasi unasefukira, ife tinkangoti wakokomeza, inu mukuti voko. Akamayankhula ndi mvula kapena njala ngati ndi munthu wamakutu, inu mukuti umunthu. Akabwereza mawu omwewo mzere ndi mzere, chibwereza. Akati wakuti ali ngati chakuti, chifanifani. Amene anatcha zokometsera chiyankhulo kuti nsinjiro ndiye ankadziwa kuphika, pakuti nkhwani wopanda nsinjiro umadyeka koma suuyamikira, ndipo ukazichulutsa ndiwo zimakola pakhosi. Ine ndinkazichulutsa, ndivomere. Ndinali munthu wokonda kumva anthu akuusa moyo chifukwa cha mawu anga.

Kusukulu ya uphunzitsi anatikhomerera chinthu chimodzi m'mutu: usadzaime pamaso pa ana usanalembe chikonzekero cha phunziro lako. Wotiphunzitsa ankati amene walowa m'kalasi chimanjamanja akuba nthawi ya ana a eni. Zaka zonse zimene ndinagwira choko sindinaphonyepo, ngakhale tsiku limene ndinkadwala malungo. Khalidwe limeneli aliyense ankaliyamikira, ndipo ndi lomwelo linatsala pang'ono kundiphetsa.

Nditapuma pantchito, mnzanga wina amene tinaphunzitsa limodzi anatisiya. Pamaliro pake, atatha kuwerenga mbiri yake ndinapempha kanthawi, ndinanenapo mizere ingapo imene ndinamulembera. Anthu analira mosiyana ndi mmene ankalirira poyamba. Kuchokera tsiku limenelo maliro akagwa, kuyambira kuno mpaka ku Malosa, uthenga unkandipeza wakuti aphunzitsi akanenepo mawu. Sindinkalandira kanthu. Malipiro anga anali kuona amayi akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

Vuto linali nthawi. Uthenga wa maliro umafika masana, mawa lake mwambo wayamba, ndipo ndakatulo si mandasi oti ungoponya m'mafuta. Tsiku lina chifukwa cha changu ndinati malemu anali ngati mkuyu wamthunzi, osakumbukira kuti mwezi wapitawo ndinanenanso chimodzimodzi kwa munthu wina. Pobalalika ndinamva mayi wina akuuza mnzake kuti mikuyu yachuluka m'mudzi muno. Manyazi amene ndinachita, ana inu, ndinalephera kudya. Ndiye uphunzitsi uja unadzuka. Ndinakwera minibasi kupita ku Zomba, ndinagula kope lachikuto cholimba chakuda, n'kuyamba kulemberatu ndakatulo za maliro a anthu amene anali asanamwalire.

Musatong'ole maso, ndikudziwa mmene zikumvekera. Ndinkasankha okalamba anzanga. Ndinkawayang'ana kutchalitchi, kudambo, pamsika, mmene amayendera, mmene amasekera, n'kumakalemba pang'onopang'ono, lero mzere umodzi, sabata yamawa iwiri. Sindinkawafunira imfa. Ndinkafuna kuti tsiku lawo likadzafika ndisadzawachititse manyazi ndi mawu obwereka. Sindinauze munthu, pakuti ngakhale ine ndinkadziwa kuti kwathu kuno munthu sagula nsalu ya maliro wodwala asanatsirizike. Ena anamwaliradi, ndakatulo zawo ndinawerenga, anthu n'kumadabwa kuti aphunzitsi amalemba bwanji zakupsa chonchi tsiku limodzi. Ine ndinkangomwetulira.

Mmodzi wa anthu a m'kopemo anali a Mulewa, mlimi wa mpunga wa kutsidya kwa mtsinje. Makolo awo anachokera ku Mozambiki kalekale, ndipo iwo akakwiya ankatukwana mbalame za m'munda m'Chilomwe. Tinkapemphera mpingo umodzi, Loweruka tinkasewera bawo, ndipo ankandidya nthawi zonse. Wina anali a Chikopa, mkulu wampingo wathu. Ndakatulo za awiriwa zinali moyandikana, ndipo zonse zinkayamba ndi mzere wofanana, chifukwa ndinkakonda kuyamba ndi kuitana Imfa ngati munthu.

Tsopano a Chikopa anamwalira m'nyengo yozizira, mpunga uli pafupi kudulidwa. Tsiku loika kunali chiperoni, kamvula kowaza kaja kotsika m'phiri. Nditaitanidwa ndinaima pafupi ndi bokosi, magalasi atachita nthunzi. Ndinawavula kuti ndipukute ndi jekete, kope lili chitsegukire m'dzanja linali, ndipo mphepo inatembenuza tsamba ine osaona. Nditavalanso magalasi ndinaona mzere woyamba uli womwewo, ndiye ndinakweza mawu monga mwa masiku onse:

Iwe Imfa, mlendo wosaodira,
Mpando sitinakupatse, wakhala wekha,
Madzi sitinakupatse, wamwa wekha,
Wanyamuka ndi Mulewa, mpunga uli m'munda.

Dzinalo linatuluka ndisanaligwire. A Mulewa anali atakhala pabenchi lachiwiri, chipewa chili pabondo, amoyo ngati inu ndi ine. Amayi amene ankalira m'siwa analeka. Ndinamva khwangwala akulira kutali kumanda. Ndinabweza tsamba, ndinawerenga ya a Chikopa mpaka kumapeto, koma palibe anaimva, ngakhale ine mwini.

Pobwerera kumanda a Mulewa anandigwira paphewa akuseka, n'kunena kuti aphunzitsi mwafulumira, mudikire kaye ndidule mpunga. Ndinasekako nawo ndi mano okha. Mwana wawo woyamba, Jailosi, amene amayendetsa njinga yamoto ya kabaza, anali chapafupi ndipo sanaseke. Ndinamuphunzitsa sitandade faivi mnyamata ameneyo, tsopano ndi bambo wa ana anayi. Anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu, moni osapereka.

Patatha sabata ndi masiku awiri a Mulewa anadwala. Thupi linatentha, chifuwa chinawagwira, m'nthiti mukubaya. Uthenga umenewu unandipeza ndikusenda nzimbe pakhonde pompano, ndipo mpeni unagwa wokha.

Mantha, ana inu, safika ndi phokoso. Anayamba ndi zazing'ono. Agogo anu aakazi akafika pamjigo, amayi ankanyamula zidebe zosadzadza n'kumapita. Anyamata a kabaza ndikawaimitsa ankati njinga yaphwa, chonsecho matayala ali gwa. Lamulungu benchi limene ndinkakhala linali langa ndekha, anthu atapanikizana kumbuyo. Nkhani inali m'kamwam'kamwa yakuti aphunzitsi ali ndi kope lakuda, akalembamo dzina lako ndiye kuti wapita. Anthu anayamba kuwerenga amene ndinawalakatulira zaka zonsezo, n'kumafunsana kuti kodi uja anadwala masiku angati, nanga ndakatulo yake inapsa liti. Zimene ankandiyamikira nazo zija zinasanduka umboni.

Inu mumamva pawailesi zimene zimachitikira nkhalamba zikatchulidwa ufiti. Ine ndinkamva, n'kumapukusa mutu, n'kumati zimenezo n'za kumidzi kosaphunzira. Apa ndinazindikira kuti imvi zanga n'zofanana ndi zawo. Ndinkadziwa bwino lomwe kuti a Mulewa akangotsirizika, anthu sadzadikira kuti maliro aikidwe, adzayamba ndi ine. Ndinawapempherera mnzangayo kuposa mmene ndinapemphererapo munthu aliyense, ndipo ndikuuzeni zoona, sindinkapempherera iwo, ndinkapempherera khosi langa.

Ndinaganiza zotentha kope lija. Ndinafika nalo mpaka kuseri kwa khola, machesi ali m'manja. Koma ndinaona kuti akadzalifuna n'kulipeza palibe, adzati ndabisa mankhwala. Komanso, poti lero ndaganiza zoulula zonse, ndinalimvera chisoni. Munali mizere yabwino mmenemo. Taonani uchitsiru wa munthu wolemba, moyo uli pachiswe iye akudandaula chibwereza.

M'mawa wina agogo anu akusesa anapeza kachigubu ka petulo pampanda, pafupi ndi chipata. Kanali kodzadza, kotseka bwinobwino, katangoikidwa poonekera. Sitinadziwe mwini wake ndipo mpaka lero sitimudziwa. Agogo anuwo anakanyamula n'kukakasiya kumsewu, anabwerera n'kupitiriza kusesa. Ine ndinakhala pampando tsiku lonse ndikuyang'ana denga la khitchini, limene nthawi imeneyo linali laudzu.

Mawa lake dzuwa lili paliwombo kunabwera Jailosi ndi mkulu wina wampingo. Mkuluyo ankayang'ana pansi. Anati banja la a Mulewa likufuna ndifike kwawo ndi kope, anthu akalione okha, ndipo iye wabwera kuti zinthu ziyende mwamtendere. Mmene ananenera mawu akuti mtendere ndinadziwa kuti iyenso sakukhulupirira. Agogo anu palibe anawaitana. Anangomanga chitenje, kutseka chitseko, n'kutitsatira.

Njira ya kutsidya mukuidziwa, yodutsa m'minda ya mpunga n'kukawoloka pamlatho wamitengo. Ndaiyenda kuyambira ndili mwana, kale tinkapita nayo kukagula usipa ndi mchere, koma tsiku limenelo inanditalikira. Anthu odula mpunga ankaweramuka, kutiyang'ana, n'kusiya ntchito kumatitsatira chapatali, zikwakwa zili m'manja. Mwina anangoiwala kuzisiya. Ine ndinkaziwerenga chimodzichimodzi.

Pabwalo la a Mulewa panali podzadza kale. Mpando sanandipatse. M'nyumba munkamveka kutsokomola kouma, kukaleka aliyense ankatchera khutu mpaka kuyambirenso. Jailosi anandilanda kope, analitsegula, n'kuyamba kuwerenga mayina a pamwamba pa masamba mokweza. Akatchula womwalira, anthu ankang'ung'udza. Akatchula wamoyo, abale ake ankalira ngati amva uthenga wa maliro. Gogo wina amene dzina lake linatchulidwa anali pomwepo, anakhala pansi n'kufunda chitenje kumutu.

"Aphunzitsi," anatero Jailosi, "apa mwalemba kuti iwe Imfa. Apanso iwe Imfa. Munthu mumayankhula ndi imfa ngati mnzanu wapabawo. Munadziwana kuti?"

Chitsiru ine, ndinayamba kuphunzitsa. Ndinati imeneyo ndi njira ya alakatuli, timatenga chinthu chosapuma n'kuchiyankhula ngati munthu, ngakhale ana a sekondale amaphunzira zimenezi. Ndinafotokozanso za chikonzekero cha phunziro. Mawu anga ankatuluka opyapyala. Wina kumbuyo anati asatinamize ndi zakusukulu ameneyu, ndipo bwalo linayamba kuchepa, anthu akusendera. Mkulu wampingo uja anakweza dzanja koma palibe anamuyang'ana. Pamenepo ndinadziwa kuti kwathu sindibwerera.

Jailosi anatembenuza tsamba lina, lakumapeto, n'kuima. Anandiyang'ana, anayang'ana agogo anu, kenako anawerenga dzinalo pang'onopang'ono kuti aliyense amve: Esinala. Anati taonani, ngakhale mkazi wake yemwe.

Ndakatulo imeneyo ndinali nditailemba zaka zisanu ndi chimodzi m'mbuyomo, nthawi imene agogo anu anagonekedwa kuchipatala ku Zomba n'kuchitidwa opaleshoni, madokotala akulankhula motsitsa mawu. Ndinailemba nditakhala pabenchi la panja pa wodi. Atachira sindinaing'ambe, sindinawauzenso. Apa ndinalephera kuwayang'ana. Ndinkayembekeza kumva kulira kwawo, ndipo ndinkadziwa kuti akangolira, zatha.

Sanalire. Anadutsa pakati pa anthu, anatenga kope m'manja mwa Jailosi ngati akulanda mwana mpeni, n'kutembenukira kubwalo.

"Tsamba ili ndinaliona kalekale," anatero. "Ndinkafuna pepala lokulungira njere za mpiru. Sukulu ndinalekera sitandade fili, koma dzina langa ndimalidziwa, ndipo ndimadziwa ntchito ya kope ili. Ndinalitseka, ndinalibwezera pamalo pake. Kuchokera pamenepo ndalima kasanu ndi kamodzi, ndakolola, ndalera zidzukulu. Ngati kope ili limapha, ine likundidikirira chiyani?"

Kenako anandipatsira kopelo n'kunena kuti, "Werengani, bambo. Yonse. Ndiimve ndili chiimire."

Anthu amene anali pafupi nawo anabwerera m'mbuyo, amayi ena anagwira pakamwa. Kwa iwo zinali ngati munthu wapempha kuti amwe chiphe anthu akuona. Inenso, mphunzitsi wamkulu amene ndinkadziwa kuti inki ndi inki, ndinaopa. Ndinaganiza kuti bwanji akangogwa pompano, mwina ndi dzuwa lokha, mwina ndi mtima. Koma ndinawerenga. Ndikuuzaniko pang'ono chabe:

Mukamapeta mpunga mumaluma mlomo wam'munsi.
Mukandikwiyira mumatsuka mbale zotsuka kale.
Mvula ikandipeza kusukulu mumaima pamlatho,
Thumba la feteleza lili m'manja loti ndifunde.
Mvula ikubwerayi ndifunda chiyani?

Ukanati ufufuzemo zipangizo, Tadala, ukanalephera mayeso. Mulibe voko, mulibe chifanifani, Imfa sindinaitchule n'komwe. Pabenchi la chipatala paja nsinjiro zonse zinandithawa, ndinangolemba zimene ndinkaona. Inali yaitali, ndime zisanu ndi ziwiri, ndipo ndime iliyonse ndikamaliza ndinkakweza maso kuona ngati akadali chiimire. Anali chiimire, manja atapinda pachifuwa, akuyang'ana kuphiri. Pa mzere wa mbale paja mayi wina anaseka mwangozi, n'kuyamba kulira.

Ndinamaliza n'kutseka kope. Agogo anu anayang'ana uku ndi uku kuti aliyense awaone kuti akupuma. Ndiye akazi a a Mulewa anatuluka m'nyumba, maso ali ofiira, n'kuuza Jailosi kuti dzuwa likupita iye akuweruza makope, bambo ake akubanika. Atenge njinga yakeyo apite nawo kuchipatala. Anawakweza pakati, wina atawagwira kumbuyo. Njinga itanyamuka anthu anayamba kukumbukira mpunga wawo, mmodzimmodzi, osandiyang'ana kumaso. Palibe anapepesa, ndipo ine sindinayembekezere.

Kuchipatala a Mulewa anawapeza ndi chibayo. Anachira, anadula mpunga wa chaka chotsatira, koma bawo sitinasewerenso. Atamwalira, banja lawo silinandiitane, ndipo tsiku la maliro awo ndinakhala m'nyumba chitseko chotseka masanasana, njinga yamoto iliyonse ikadutsa mtima uli m'mwamba. Palibe anabwera. Komabe mpaka lero, mmodzi wa anthu a m'kope muja akangodwala, chakudya chimandikanika. Atsala atatu. Cholembera sindinachigwirenso, ndipo pamaliro ndimakhala kumbuyo ndi anthu wamba.

Koma tibwerere ku tsiku lija, panjira yobwerera kwathu. Tinayenda awiriwiri, iwo patsogolo ine pambuyo, kope lili kukhwapa. Ndinkasakasaka mawu owathokozera, ine munthu wa mawu, koma onse ankaoneka ochepa. Titafika pamlatho anaima, osatembenuka. Ndinaganiza kuti atopa, ndiye ndinati tipume pang'ono amayi, mwandipulumutsa lero.

"Zopulumutsazo zisiyeni," anatero. "Zaka makumi anayi ndi zisanu ndili m'nyumba mwanu. Ndimayesa simundiona. Lero ndi pamene ndamva kuti mumadziwa mmene ndimapetera mpunga, ndamvera pamodzi ndi anthu a zikwakwa. Zonse zija munkasungira tsiku loti ndili m'bokosi, makutu atatseka?"

Anawoloka mlatho osadikira yankho. Ine ndinatsala kutsidya kwa a Mulewa, kope lili kukhwapa.